Kashiamu wa njerwa ndi kashiamu wa uthenga pa kukula kwa fupa

Kwa milungu itatu ndakhala ndikulimbana ndi mutu wa kukula kwa mafupa, ndipo usiku wa Lachiwiri lapitali, nditajambula growth plate (kachigawo ka cartilage, fupa lofewa ngati la khutu, kamene kali kumapeto kwa fupa la mwana ndipo ndi pamene fupa limatalikira) kachisanu ndi chimodzi papepala, mfundo imene inkandizunguza mutu inamasuka moti ndinadzuka pampando n'kuyamba kuyendayenda m'chipinda. Mayina a mapuloteni ake ndinali nditawaloweza kale. Sox9, Runx2, Ihh, PTHrP ndi TRPV4 ndinkawalakatula ngati ndakatulo ya ku pulayimale. Chimene chinkandilepheretsa chinali chithunzi chimodzi chimene chinakhazikika m'mutu mwanga kuyambira ku sekondale, chakuti kashiamu ndi njerwa zomangira fupa basi. Chifukwa cha chithunzi chimenecho sindinkaona mmene zingathekere kuti chipata chimodzi cholowetsa kashiamu m'selo chikasokonekera, mwana akule wamfupi ndiponso wopindika msana pamene m'magazi mwake muli kashiamu wokwanira bwinobwino. Njerwa zilipo, nanga khoma likupindikiranji?

Yankho lake linali m'manambala amene ndinawalemba m'kope chaka chatha osawaganizira. Munthu wamkulu amakhala ndi kashiamu wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo 99 peresenti ya kashiamu ameneyu ili m'mafupa ndi m'mano. Ameneyo ndiye wa njerwa. M'magazi, kashiamu yense amakhala pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol pa lita, ndipo woyenda payekha wosagwiridwa ndi mapuloteni amakhala pafupifupi 1.2 mmol pa lita. Koma mkati mwa selo limene likupuma, kashiamu woyenda payekha amakhala pafupifupi 100 nM (nM imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a mmol pa lita), kutanthauza kuti kunja kwa selo kuli kashiamu wochuluka kuwirikiza ka 10,000 poyerekeza ndi mkati. Selo limawononga mphamvu zambiri usana ndi usiku kupopera kashiamu kunja kapena kumutsekera m'nkhokwe ya endoplasmic reticulum, ndipo chifukwa chimodzi chachikulu n'chakuti ntchito za selo zimayendera mchere wa phosphate, monga mu ATP yonyamula mphamvu za selo, pamene kashiamu ndi phosphate zikakumana zochuluka zimagwirana n'kuuma. Selo limene lingalole kashiamu kudzaza mkati mwake lingasanduke mwala.

Apa ndi pamene ndinaimirira. Popeza mkati mwa selo muli zii, kashiamu wochepa kwambiri akalowa amamveka. Pa tsiku la msika munthu akhoza kuimba mluzu anthu osatembenuka n'komwe, koma mluzu womwewo ukalira pakati pa usiku m'mudzi, nyumba iliyonse imadzuka. Selo linathamangitsa kashiamu poopa kuuma, ndipo bata limene linatsatirapo ndi limene linachititsa kuti kashiamu akhale mthenga wabwino chonchi. Choncho m'nkhani ya fupa muli akashiamu awiri, wa njerwa ndi wa uthenga, ndipo kwa milungu itatu ndinkawerenga za wachiwiriyo ndi maso a woyambayo. Zinandiseketsa kuona kuti Sydney Ringer anakhudza mfundo imeneyi mu 1883 ku London, pamene mitima ya achule inapitiriza kugunda m'madzi a pampopi koma n'kufooka m'madzi osungunulidwa opanda kashiamu, ndipo patapita zaka 100 ndendende, mu 1983, Michael Berridge ndi anzake anasonyeza kuti IP3, molekyu yonyamula uthenga m'selo, ndi imene imatsekula nkhokwe ya kashiamu mkati mwa selo. Ine zandifikira mochedwa kwambiri.

Mbali yachiwiri ya mfundoyi ndi imene ndikuibwerezabwereza kwa aliyense amene angandimvere m'kalasi. Uthenga suli pa kuchuluka kwa kashiamu kokha. Uli pa kagundidwe kake, pa malo amene walowera, ndi pa kutalika kwa nthawi imene wakhala m'mwamba asanatsike. Ng'oma imatha kukhala imodzi, chikopa chomwecho, koma munthu wa m'mudzimo amadziwa ali kutali ngati kuli chinamwali kapena kuli maliro, chifukwa womenyayo wasintha kamenyedwe. Calmodulin, puloteni ya m'selo, amagwira kashiamu pa malo anayi n'kusintha maonekedwe, kenako amakadzutsa ma enzyme (mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo) osiyanasiyana, ndipo ma enzyme amenewa samva ng'oma mofanana. Enzyme ya CaMKII imadziika yokha phosphate ikadzutsidwa, motero imakhalabe maso kwa kanthawi kashiamu atatsika kale, ndipo kugunda kwina kukabwera msanga kumaipeza isanagone n'kuwonjezera pomwepo. De Koninck ndi Schulman anasonyeza zimenezi mu 1998, kuti enzyme imeneyi imawerengadi kufulumira kwa kugunda. Enzyme ina, calcineurin, ndi yosiyana, imakonda kukwera kochepa koma kokhalitsa kapena kobwerezabwereza. Nditamvetsa zimenezi, mivi yambirimbiri ya m'zithunzi za m'kalasi inayamba kulongosoka yokha.

Ndibwerere ku pepala langa. Sindifotokoza za magawo a growth plate chifukwa tonse tinawaona pa maikulosikopu: maselo opuma pamwamba, maselo ogawikana atasanjikizana ngati makobidi, kenako otupa, kenako malo amene mitsempha ya magazi imalowerera n'kubweretsa omanga fupa. Sindibwerezanso mzungulire wa Ihh ndi PTHrP (mapuloteni awiri onyamula uthenga: Ihh ya maselo oyamba kutupa imalimbikitsa PTHrP yochokera kumtunda kwa mzere, imene imachedwetsa kutupa) umene magulu a Clifford Tabin ndi Henry Kronenberg anaufotokoza mu 1996, poti umabwera pa mayeso chaka chilichonse. Chimene sindinkachiona n'chakuti kutalika kwa fupa kumadalira nthawi imene selo limodzi lasankha kusiya kugawikana n'kuyamba kutupa. Likafulumira, mzere wa makobidi umatha msanga ndipo fupa limafupika. Likachedwa kwambiri, mzere umatalika koma fupa lenileni silibwera. Kutupako ndi kumene kumapereka gawo lalikulu la kutalika kwa fupa, chifukwa selo limakula kuwirikiza kambirimbiri, mwa zina pomwa madzi. Funso lonse ndi la nthawi, ndipo funso la nthawi likufunika mthenga wofulumira amene angathe kukwera ndi kutsika m'masekondi ochepa.

Pamalire a maselo ogawikana ndi oyamba kutupa, ntchito ya CaMKII imakwera. M'kati mwa nucleus, mosungira majini a selo, muli puloteni ya HDAC4, imene imagwira manja mapuloteni a Runx2 ndi MEF2C kuti asayambitse majini a kutupa, ndipo mbewa zimene zinachotsedwa HDAC4 cartilage yake imasanduka fupa nthawi isanakwane, monga gulu la Eric Olson linasonyezera mu 2004. PTHrP imathandiza kuti HDAC4 ikhalebe m'nucleus, pamene ma kinase (ma enzyme oika phosphate, monga CaMKII) omvera kashiamu amaiika phosphate n'kuitulutsira kunja. Ndinajambula zimenezi ngati anthu awiri akulimbirana chitseko chimodzi, wina akukankha kuti chitsekeke, wina kuti chitseguke, ndipo selo likamatsika mumzere n'kutalikirana ndi gwero la PTHrP, wotseka uja amafooka. Kuwonjezera apo, ofufuza a ku Kyoto University anafotokoza mu 2019 kuti maselo a mu growth plate amakhala ndi tikugunda ting'onoting'ono ta kashiamu tochitika tokha popanda wowalamula kuchokera kunja, todzera pa chipata cha TRPM7, ndipo atachotsa chipatachi m'maselo a cartilage, mafupa a mbewa sanatalike bwino. Ndinawerenga zimenezi kawiri, chifukwa zikutanthauza kuti ngakhale m'mimba mwa mayi, fupa lisananyamule katundu aliyense, ng'oma imakhala ikulira kale chapansipansi.

Njira imene yandithandiza, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi yokhayo yoyenera kuphunzirira mutu ngati uwu, ndi yofunsa funso limodzi pa puloteni iliyonse: ikathyoka, mwanayo amaoneka bwanji? Ndinasiya makadi oloweza, ndinasiya kuonera mavidiyo a maola awiri, ndinatenga pepala lalikulu n'kulemba dzina la matenda pambali pa muvi uliwonse. Anzanga ena akuti njira imeneyi imadya nthawi ndiponso kuti mayeso safunsa matenda osowa chonchi. Mwina akunena zoona pa za mayesozo, koma ine sindinaiwalepo muvi umene ndaumangirira pa thupi la munthu.

Tengani receptor (puloteni yolandira uthenga pakhungu la selo) ya PTHrP ndi PTH, homoni yowongolera kashiamu wa m'magazi. Ikakhala yoyaka nthawi zonse, monga m'matenda a Jansen, maselo amachedwa kutupa, mapeto a mafupa amasokonekera ndipo munthu amakhala wamfupi. Ikakhala yozimiratu, monga m'matenda a Blomstrand, cartilage imasanduka fupa mothamanga ndipo khanda silikhala ndi moyo. Mbali ziwiri zotsutsana, koma zonse zikuthera pa fupa lalifupi. Tengani TRPV4, chipata cholowetsa kashiamu m'selo. Mu 2008 kunapezeka kuti kusintha kwa jini yake kumayambitsa mtundu wina wa brachyolmia, matenda ofupikitsa thunthu, ndipo pambuyo pake kunapezekanso kuti ndi jini yomweyo imene imayambitsa metatropic dysplasia, matenda amene dzina lake lachigiriki limanena za kusinthasintha, chifukwa khanda limabadwa ndi thunthu lalitali ndi miyendo yaifupi, koma msana ukamapindika pokula thunthulo ndi limene limadzafupika. Kusintha kwa jini kumeneku nthawi zambiri kumasiya chipata chotseguka mopitirira muyeso. Magazi a mwanayo ali bwino, njerwa zilipo, koma ng'oma ikulira mosalekeza moti palibe uthenga umene ungamveke. Limeneli ndi yankho la funso limene linandisowetsa tulo. Tenganinso matenda a Timothy, amene jini yake, ya chipata cha Cav1.2, inadziwika mu 2004: chipatacho chimachedwa kutsekeka, mtima umagunda mosokonezeka, ndipo ana ambiri amabadwa ndi zala zomatana. Ndinali ndisanaganizepo kuti chipata chimene tinachiphunzira pa mutu wa mtima chingakhale ndi chonena pa kaumbidwe ka dzanja.

Pali puloteni imodzi imene yaima pakati pa akashiamu awiri aja, ndipo ndiyo imene ndimaikonda koposa. Calcium-sensing receptor inapezeka mu 1993 ndi Edward Brown, Steven Hebert ndi anzawo, kuchokera ku parathyroid (kachiwalo ka pakhosi kotulutsa PTH) ya ng'ombe. M'kalasi tinaiphunzira ngati chida cha parathyroid ndi impso basi. Komatu ilinso pa maselo a cartilage ndi pa ma osteoblast, maselo omanga fupa. Imakhala pakhungu la selo n'kumalawa kashiamu wa kunja, ndipo akachuluka imadzutsa enzyme ya phospholipase C, IP3 imapangidwa, nkhokwe ya mkati imatseguka. Kashiamu wa kunja akutumiza kashiamu wa mkati. Selo limene likuyandikira malo ouma a growth plate limatha kumva kuti njerwa zafika ndipo nthawi yokhwima yakwana. Mu 2008 ofufuza a ku San Francisco atachotsa receptor imeneyi m'maselo a cartilage okha, ana a mbewawo anafera m'mimba, zimene zinanditsimikizira kuti si nkhani ya mahomoni a m'magazi yokha.

Za katundu amene fupa limasenza ndidutsapo mofulumira ngakhale kuti zikanayenera pepala lawolawo. Piezo1 ndi Piezo2 zinapezeka mu 2010 mu labotale ya Ardem Patapoutian, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2021 pamodzi ndi David Julius. Zipata zimenezi zimatseguka khungu la selo likakokedwa. Mbewa zopanda Piezo1 m'maselo omanga fupa zimakhala ndi mafupa opyapyala amene sakhuthala mokwanira ngakhale atasenzetsedwa katundu. Mu cartilage ya m'malo olumikizira mafupa, ntchito ikuoneka kuti inagawidwa: kupanikizika kwapakatikati kumafinya madzi, mchere wozungulira selo umasintha, TRPV4 imamva n'kulimbikitsa kupanga collagen ndi aggrecan, zomangira cartilage, pamene kuphwanyika kwakukulu kumatsekula ma Piezo, kashiamu amasefukira ndipo selo likhoza kufa. Ma osteoclast, maselo ogumula fupa, nawonso ali m'gule yemweyu, chifukwa Hiroshi Takayanagi ndi anzake anasonyeza mu 2002 kuti puloteni ya RANKL imayambitsa kugunda kobwerezabwereza kwa kashiamu kumene kumadzutsa calcineurin ndi puloteni yoyatsa majini ya NFATc1, ndipo popanda zimenezo selo logumula fupa silikhwima. Womanga ndi wogumula akumvera ng'oma ya mtundu umodzi.

Malo amene anandikhudza kwambiri ndi kumunsi kwenikweni kwa mzere. Selo lotupa, limene moyo wake wonse lakhala likuthamangitsa kashiamu poopa kuuma, tsopano limachita dala chinthu chimene linkachiopa, koma limachichitira kunja kwa nyumba. Limatulutsa timatumba ting'onoting'ono, ma matrix vesicle, amene H. Clarke Anderson ndi Ermanno Bonucci anawaona payekhapayekha cha m'ma 1967. M'timatumbamo kashiamu ndi phosphate zimaunjikana mpaka timiyala toyamba ta hydroxyapatite, mchere wolimbitsa fupa, titapangika, kenako timiyalato timaboola thumba n'kufalikira pa collagen, pamene enzyme ya alkaline phosphatase ikuphwanya pyrophosphate imene ikanatchinga kuuma. Pamenepa ndi pamene mthenga amasanduka njerwa. Ndinajambula mzere wofiira papepala langa pamalo amenewa, pamwamba pake ndinalemba kuti uthenga, pansi pake ndinalemba kuti njerwa, ndipo ndinadzimva ngati ndamaliza.

Sindinamalize, chifukwa m'mawa mwake matenda a matewe (rickets) anasokoneza mzere wanga wofiira. Mwana wa rickets growth plate yake imakhala yotambalala, maselo otupa ataunjikana osachoka. Ndinkaganiza kuti n'chifukwa chosowa njerwa basi. Koma gulu la Marie Demay linasonyeza mu 2005 kuti chimene chimauza maselo otupa kuti afe ndi phosphate, ndipo ikachepa amangokhala. Tsono kashiamu akachepa m'zakudya, PTH imakwera, impso zimataya phosphate mumkodzo, ndipo uthenga wa imfa sufika. Ndiye kuti ngakhale pansi pa mzere wanga wofiira pali uthenga, ndipo wouyendetsa si kashiamu. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene zinapezeka ku Jos, ku Nigeria, kumene dzuwa silisowa: kafukufuku wa Tom Thacher ndi anzake wa mu 1999 anasonyeza kuti ana a rickets kumeneko ankachira bwino ndi kashiamu, payekha kapena pamodzi ndi vitamini D, kuposa ndi vitamini D yekha. Ndinaganiza za mbale zathu kuno, za phala la chimanga chokhachokha lopanda mkaka, komanso za usipa ndi matemba zimene timadya ndi minga yomwe, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona ndiwo zimenezo ngati nkhani ya growth plate.

Ndiyenera kunena kuti zambiri mwa zimenezi ndikanazimvetsa kale zikanaphunzitsidwa pamodzi. Kashiamu wa m'selo tinamuphunzira chaka chatha pa mutu wa minofu ndi mitsempha, kashiamu wa m'magazi tinamuphunzira pa mahomoni, growth plate tinaiona pa maikulosikopu kwa mphunzitsi wina, ndipo palibe amene anaima n'kunena kuti zitatuzi ndi nkhani imodzi. Mphunzitsi wa teremu ino anatisonyeza chithunzi chimodzi chodzaza mivi, ina yoloza kutsogolo, ina yobwerera, n'kuchisiya pakhoma kwa mphindi ziwiri zokha. Nditakweza dzanja kufunsa chifukwa chake kashiamu akuonekera kawiri pachithunzicho, anayankha kuti zimenezo tinaphunzira kale ndipo tikawerenge tokha. Sindikuwaimba mlandu wonse, chifukwa kalasi ndi yaikulu ndipo silabasi ndi yaitali kuposa teremu, koma funso langa linkafuna chiganizo chimodzi chokha, ndipo chiganizo chimenecho chanditengera milungu itatu, ina mwa iyo ndikuwerenga ndi tochi ya foni magetsi atazima. Mayeso atsala milungu iwiri, ndipo mitu ya impso ndi ya magazi sindinaikhudze.

Ngakhale pa mutu womwewu pali malo amene pepala langa likukana kulongosoka. TRPV4 ikadzutsidwa m'maselo a cartilage, Sox9 imakwera, ndipo Sox9 ndi imene imapangitsa selo kukhala la cartilage. Nanga n'chifukwa chiyani chipata chotseguka kwambiri chimabweretsa mafupa opunduka m'malo mwa cartilage yochuluka yabwinobwino? Ndawerenga kuti maselo oterowo amatulutsa follistatin wambiri, amene amatchinga BMP, puloteni yolimbikitsa kukula kwa fupa, ndipo zimenezo zikumveka, koma sizikundifotokozera chifukwa chake kusintha kwina kwa jini yomweyo kumawononga mitsempha yonyamula mauthenga (ma nerve) ya m'miyendo m'malo mwa mafupa. Chinanso, mbewa zopanda TRPV4 n'komwe zimabadwa ndi mafupa ooneka bwino ndithu, vuto lawo limadzaoneka pambuyo pake m'malo olumikizira mafupa. Njira yanga yofunsa chimene chimachitika puloteni ikathyoka ikundipatsa mayankho awiri osiyana pa puloteni imodzi, malinga ndi mmene yathyokera, ndipo sindinapeze pomwe ndingawalembe onse awiri pa muvi umodzi.

Ndiye pali nkhani ya maselo otupa aja. M'kope langa la chaka chatha ndinalemba kuti onse amafa. Koma mu 2014 gulu la Kathryn Cheah ku Hong Kong, ndiponso gulu lina ku Houston, anatsatira maselowa mu mbewa n'kupeza kuti ena safa, amawoloka n'kusanduka ma osteoblast ndi ma osteocyte, maselo okhala mkati mwa fupa louma. Tsono maselo awiri oyandikana, amene atsika mzere umodzi, amene akulawa kashiamu ndi phosphate zofanana kunja kwawo, lina limafa lina n'kupitirira. Mtima wanga ukufuna kunena kuti kusiyana kwake kuli pa kagundidwe ka kashiamu mkati mwa lililonse, koma ndikuzindikira kuti masiku ano chilichonse ndikuchimva ngati ng'oma, ndipo n'kutheka kuti ndangosinthanitsa chithunzi cha njerwa ndi chithunzi china chimene chidzandisokonezenso pa mutu wotsatira. Papepala langa, pamalo amenewo, ndangojambula maselo awiri ndi muvi wa pensulo umene sindinaudetse ndi inki.